Bakha Sakwatiwa ndi Nkhuku

Anthu a kuchilumba cha mchenga amawatchula a kumtunda kuti nkhuku, ati chifukwa akangoona madzi ofika m'mawondo amayamba kukumbukira mapemphero onse amene anaphunzira ali ana. A kumtunda nawo sagonja. Amati a kuchilumba ndi abakha, anthu oyenda chopendama ngati nthaka ikugwedezeka. Chipongwe chimenechi n'chakale, ndipo pamsika wa padoko chimaseketsa aliyense. Koma Kamphepo chinasiya kumuseketsa tsiku limene anazindikira kuti iye, bakha weniweni, mwana wa msodzi, wagwa m'chikondi ndi nkhuku.

Nkhukuyo inali Telala, mnyamata wamtali, wofatsa, amene anatsika kumapiri ndi makina ake osokera n'kupeza kachipinda kuseri kwa msika wa nsomba. Kamphepo anapitako koyamba ndi diresi lothothoka zipi. Zipiyo inakonzedwa tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo zovala za Kamphepo zinkangong'ambika sabata ndi sabata, mpaka mayi ake anamufunsa ngati m'chipinda mwake mwalowa makoswe.

"Amalume avomera kukuona," anatero Kamphepo masana ena, atakhala pabenchi la makasitomala, akudzikupiza ndi katoni chifukwa cha kutentha. "Loweruka."

Telala anasiya kupalasa makina.

"Avomera ndi pakamwa kapena ndi mtima?"

"Amalume mtima anausiya panyanja kalekale. Iwe ingotenga zapakamwazo."

"Nanga ndikafika bwanji? Ukudziwa ine ndi madzi sitimwerana madzi."

Kamphepo anaseka mpaka katoni ija inagwa.

"Ndi miyendo yako yomweyo. M'mawa nyanja ikaphwa pamatuluka njira ya mchenga, kuchokera kuseri kwa mitengo ya m'matope ija mpaka pakhomo pathu. Azimayi amadutsapo ndi madengu pamutu. Ukalankhula nawo mwachangu, ubwerera madzi asanadzaze."

"Akadzaza ndisanabwerere?"

"Tidzakugoneka m'khola ndi anzako."

"Kamphepo, sindikuchita nthabwala. Bwato ndinakwerapo kamodzi, ndinasanza ndi zimene ndinadya ndili kumsana kwa mayi."

Apa Kamphepo anasiya kuseka.

"Ndikudziwa. Ine sindikusaka msodzi. Bambo anga anali msodzi woposa onse, koma nyanja sinatibwezere ngakhale chipewa chawo. Ndikufuna mwamuna woti akachedwa kubwera ndizidziwa kuti wachedwa ndi macheza, osati kumaima pagombe n'kumayang'ana mafunde."

Asanayankhe Telala, pakhomo panachita mdima. Anali Kaputeni, amene ankayendetsa boti lalikulu la amalume a Kamphepo, mwamuna wa chifuwa ngati chitseko. Amalume anali atauza kale chilumba chonse kuti mkamwini wawo ndi ameneyu, kungoti anaiwala kumufunsa mwini wake.

"Ndamva kuti Loweruka tili ndi mlendo," anatero Kaputeni, maso ali pa Kamphepo. "ATelala, mudzisokeretu kabudula wosambira. Kwathu kuja singano sayandama."

"Kabudula ndisoka," anayankha Telala mofatsa. "Wanu uja munasiya kuno wong'ambika kumbuyo ndamaliza, mutenga lero?"

Azimayi ogulitsa nkhanu panja paja anaphulika ndi phwete. Kaputeni analavula pansi n'kuchoka.

* * *

Mayi ake a Kamphepo sanakondwe nazo. Chimwalirireni mwamuna wawo, iwo ndi mwana wawo ankakhala m'nyumba ya achimwene awo, nyumba ya malata odyedwa ndi dzimbiri, pansi pa mitengo ya kokonati yopendekera kumene mphepo imaikankhira. Ankawadziwa bwino achimwene awowo.

"Avomera msanga kwambiri," anatero akupeta mpunga kuseri. "Malume ako akakana amakalipa. Akavomera akumwetulira, pamenepo ndiye uziopa."

"Amayi, inuyo muli mbali iti?"

"Ine ndili mbali ya denga limene likutifunditsa. Ukadzabereka udzamvetsa."

"Ndiye ndikwatiwe ndi Kaputeni chifukwa cha malata obooka?"

"Sindinatero."

"Simunatero, koma simunakanenso."

Mayi aja anapitiriza kupeta. Foni ya Kamphepo inalira. Unali uthenga wa Kaputeni: "Umuuze chibwenzi chakocho adye pang'ono Loweruka." Kamphepo anayankha mawu awiri okha: "Samala zako."

* * *

Loweruka Telala anatulukira panjira ya mchenga dzuwa lisanakwere, nsapato zili m'manja, thalauza atapinda, atavala jekete laimvi limene anadzisokera yekha. Ankaponda mosamala ngati mchengawo ungamulume, tinkhanu tikuthawira m'maenje mbali zonse. Kamphepo atamuona mtima wake unasungunuka. Chifukwa cha iye, munthu woopa madzi chotere ankayenda pansi pa nyanja, pamalo pamene masana pamadutsa maboti.

Anamukhazika pakhonde. Amalume kunalibe.

"Apita kukaona maukonde, abwera posachedwa," anatero mayi, osamuyang'ana mwana wawo.

Anadikira. Tiyi anabwera, anamwedwa, makapu anatsukidwa. Anthu oyandikana nawo anayamba kudutsa pakhomopo ngati ali ndi zochita, wina kudzapempha moto, wina kudzafunsa mbuzi yosochera. Kamphepo anaimbira amalume, foni inali yothima. Atayang'ana kunjira ya mchenga anaona madzi ayamba kunyambita m'mbali mwake.

"Nyamuka," ananong'oneza. "Akuchita dala. Ukathamanga udutsa."

"Ndikapita adzati nkhuku yathawa."

"Anene! Pakamwa ndi pawo."

"Ayi, Kamphepo. Ndabwera kudzapempha mkazi. Sindichoka ndisanamuone mwini mbumba."

Njira itamira yonse, ndipo pakati pa chilumba ndi tauni patangotsala madzi okhaokha, amalume anatulukira kuseri kwa nyumba, manja ali kumbuyo, zovala zouma gwa. Kaputeni anali pambuyo pawo.

"Pepani mlendo, ntchito za panyanja," anatero akukhala pampando wawo wansungwi. "Ndiye ndinu amene mukung'amba zovala za mwana wa mlongo wanga?"

"Ndimazisoka, bambo."

"Mumatha kusambira?"

"Ayi, bambo."

"Kupalasa bwato?"

"Ayi."

"Mphepo ikasintha mumadziwa kuti kukubwera chiyani?"

"Sindidziwa. Koma ndingaphunzire."

Amalume anagwedeza mutu, ndipo atayambanso kulankhula mawu awo analibe nthabwala.

"Mnyamata, ukuiona mitengo ili m'madzi apo? Pamenepo panali nyumba ya agogo ake a mtsikanayu. Nyengo iliyonse ya mvula nyanja imaluma chilumba chino ngati mwana woluma chinangwa. Namondwe akabwera, mwamuna amanyamula ana ndi okalamba, kuwaika m'boti, kuwawolotsa. Tsiku limenelo iwe udzatani? Udzawasokera mapiko? Ine ndinaika kale m'manda bokosi lopanda munthu, la bambo ake a mwanayu. Mlongo wanga ndikumusunga ine. Sindikufuna kudzasunganso wina. Bakha sakwatiwa ndi nkhuku."

Telala anayankha mofatsa.

"Bambo, zimene mwanenazo ndazimva, ndipo sindingazipeputse. Boti sindingayendetse. Koma mwana wanuyu sadzagona ndi njala, sadzamenyedwa, ndipo sadzandilira ali mtsikana. Zimenezo ndingalonjeze."

"Malume," analowerera Kamphepo, "boti ndimayendetsa ndine. Munandiphunzitsa nokha. Pa banja pamafunika oyendetsa angati?"

"Iwe khala chete, akulu akulankhula."

"Akulankhula za moyo wa ndani?"

Amalume anaimirira.

"Zatha. Kaputeni, muwolotse mlendoyu. Madzi adzaza."

* * *

Gombe linali litadzaza anthu ngati kwabwera sitima. Telala anakwera boti n'kukhala pathabwa lapakati, manja atagwira m'mbali zonse ziwiri. Kaputeni atangoliza injini, Kamphepo anathamangira m'madzi, diresi atalikwinya m'manja, n'kudumphira m'botimo.

"Tsika iwe!" anakuwa amalume.

"Mlendo ndi wanga, ndimuperekeza!"

Njira yabwino yopita kudoko imadutsa m'mphepete mwa mitengo ya m'matope, kumene madzi amagona ngati a m'beseni. Kaputeni sanapite kumeneko. Analunjika kumathiriro a mtsinje, kumene madzi a mtsinje amakumana ndi a m'nyanja n'kumamenyana, mafunde ake oima ngati makoma.

"Ukupita kuti?" anafunsa Kamphepo. "Khota!"

"Ndikumuonetsa mlamu dziko lathu."

Boti linakwera, linagwa, linakweranso. Nkhope ya Telala inatuwa. Anayesetsa kudzigwira, koma pafunde lachitatu anaweramira kunja n'kuyamba kusanza. Kaputeni anaseka mokweza kuti a kugombe amve, ndipo Telala ali chiweramire choncho, iye anakhotetsa boti mwadzidzidzi.

Kamphepo anangoona nsapato zikudutsa m'mwamba. Pathabwa paja panalibe munthu.

Sanaganize. Anadziponya m'madzi, maso ali otsegula ngakhale mchere unkawawa, mpaka anaona chinthu chotuwa chikumira. Anagwira kolala ya jekete n'kukankha madzi ndi miyendo. Telala anamukakamira m'khosi ngati mwana, onse awiri anamiranso, ndipo Kamphepo anachita kumumenya chigongono kuti amusiye. Atatulukira pamwamba, Kaputeni anali atabweza boti, kuseka konse kutatha. Anathandizana kumukweza. Telala anagona m'botimo akutsokomola madzi, akupuma ngati mvukuto.

"Sindimafuna kuti agwe," anatero Kaputeni. "Ndimangofuna..."

"Choka pa injinipo."

"Kamphepo, boti ili ndi la..."

"Ndati choka! Ukapanda kuchoka ulowa m'madzi ndiwe, ndipo ine sindidumphanso."

Kaputeni anasuntha. Kamphepo anagwira chiwongolero, tsitsi likudontha, n'kuliyendetsa botilo mpaka padoko.

Kumeneko nako anthu anali ataona zonse, ena mafoni ali m'mwamba. Telala anatsika wopanda nsapato, jekete litamukakamira m'thupi. Wina analira ngati tambala, anzake n'kuseka. Kamphepo anafuna kumugwira mkono, koma iye anauchotsa.

"Ndisiye kaye."

"Ndikuperekeze, sukuyenda bwino."

"Wandinyamula kale pamaso pa anthu onsewa. Zakwana. Ndisiye ndiyende ndekha."

Analowa mumsewu wa kumsika osacheuka. Mawu amenewo anamubaya Kamphepo kuposa mchere wa m'maso uja.

* * *

Anabwerera kuchilumba akuyendetsa yekha, Kaputeni ali khuma kutsogolo ngati katundu. Amalume anali chiimire pagombe. Kamphepo sanadikire kuti afike kunyumba.

"Malume, mumafuna kupha munthu?"

"Tsitsa mawu. Palibe amene wafa. Timafuna adziwe kuti nyanja si nsalu."

"Wadziwa! Nanenso ndadziwa. Munthu wabwera ndi ulemu, wakhala pakhonde panu kuyambira m'mawa, inu mutabisala kuseri ngati mwana wakuba shuga. Mumati mukufuna mwamuna wopulumutsa anthu panyanja? Nayu mwamuna wanuyo, waponya munthu m'madzi akuseka. Wapulumutsa ndani lero? Ine kapena iye?"

Anthu anayang'anizana. Palibe amene anawalankhulapo choncho amalume pachilumba chonsecho.

"Ndakulera ine," anatero amalume. "Wadya zanga, wavala zanga."

"Ndipo ndikuthokoza. Koma simunalere mbuzi yoti mupatse wantchito wanu."

"Chabwino. Mawa njira ikatseguka usankhe. Ukapita kwa telala wakoyo, pakhomo panga usadzapondenso, ngakhale pamaliro anga."

"Ndasankha kale, malume. Ndikungodikira madzi aphwe."

Atalowa m'chipinda analembera Telala uthenga: "Uli bwanji?" Palibe yankho. Analembanso: "Usakhumudwe nane." Chete. Anaimba, foni sinalowe. Mtima unayamba kumuuza zoipa, kuti mwina manyazi amuchititsa kumutaya, ndipo iye wawotcha nyumba chifukwa cha munthu amene watembenuka kale.

M'mawa mayi ake analowa atanyamula chikwama chakale cha malemu mwamuna wawo. Anamupeza akuyang'anabe foni.

"Sakuyankha, amayi."

"Ayankha bwanji, chitsiru iwe? Foni yake inali m'thumba, yamwa madzi amchere."

Kamphepo anaseka misozi ili m'maso. Mayi aja anayamba kupinda zovala zake n'kumaika m'chikwamamo.

"Simundiletsa?"

"Tsiku lija unandifunsa mbali imene ndili. Ndinakhala chete pamene amakonza zoipa zija, ndipo munthu akanafa. Ine sindingachoke pano, ndakalamba. Koma iwe pita. Ukafikire kwa azakhali ako kuseri kwa chipatala, osati kwa mwamuna, wamva? Usawapatse anthu chonena."

"Ndamva. Ndingomuona kaye ngati wadzuka bwino."

Anatuluka chikwama chili pamutu. Amalume anali pakhonde, anatembenuzira mpando kukhoma. Kaputeni anamutsatira mpaka poyambira mchenga.

"Kamphepo, ndikhululukire. Ndimakukonda ine, n'chifukwa chake."

"Ngati chikondi chako n'chotero, kakonde nsomba."

Anayenda osacheuka, mapazi akumira mumchenga wonyowa.

* * *

Chitseko cha kachipinda ka Telala chinali chotsegula, koma makina sankalira. Mkati munkamveka mawu a mzimayi wachikulire akulamula. Kamphepo anaodira n'kusuzumira.

Mayi wina wojintcha, atavala juzi ngakhale kunkatentha chotero, ankaika makina osokera m'thumba. Pambali pake mtsikana wooneka bwino, wa maso ofatsa, ankalongedza ulusi ndi nsalu m'katoni. Kuseri kwa katani kunkamveka chifuwa cha Telala.

"Lero sitikusoka," anatero mayiyo.

"Sindinabwere kudzasoketsa, mayi. Ndabwera kudzamuona mwini wake."

Mayi uja anamuyang'ana kuyambira kuchikwama mpaka kumapazi a mchenga.

"Ndiwe amene? Ndakuzindikira. Dzulo anthu anandionetsa pafoni mwana wanga akumira, anthu akwanu akuseka. Ndakwera basi yoyamba. Ine ndinabereka mmodzi yekhayu, sindinaberekere nsomba. Tikupita naye kwathu pa basi ya masana."

Kamphepo anagwada mwaulemu.

"Mayi, zimene zinachitika n'zoipa, ndipo ndachoka kwathu chifukwa cha zomwezo. Amene anamuvuula m'madzi ndine."

"Amene anamuitanira kumadziko ndani?"

Funso limenelo linamulasa, koma sanagwetse nkhope. Anadzuka, anatula chikwama chake pakati pa khomo n'kuchikhalira.

"Basi ipite. Makinawo satuluka muno mpaka mwini wake anene ndi pakamwa pake kuti akupita."

"Taonani mwano! Kwanu amakuphunzitsani chonchi?"

"Kwathu andithamangitsa dzulo chifukwa cha mwana wanu. Ndilibenso koopa."

Katani inagwedezeka. Telala anatuluka atafunda bulangete, maso ali psuu. Ataona chikwama chija anamvetsa zonse, ndipo nkhope yake inawala pang'ono, kenaka inagwa.

"Kamphepo... wachokadi?"

"Ndachoka. Auze mayi ngati ukupita kapena ukutsala."

Asanatsegule pakamwa, mtsikana wa maso ofatsa uja anaika katoni pansi. Analankhula motsitsa, mwaulemu, ngati akupepesa.

"Achemwali, musadzivutitse. Ine ndi awa tinalonjezana asanatsike kuno. Anati akapeza poyambira adzanditenga. Makolo onse akudziwa, ndipo ine ndakana amuna ambiri ndikudikira. Ngati ndikunama, afunseni."

Panja azimayi a nkhanu anali atasiya malonda, makosi ali m'mwamba. Kamphepo anamuyang'ana Telala, kudikira kuti aseke, akane, anene kuti ndi bodza. Koma Telala anayang'ana pansi.

Kamphepo anamva ngati akumiranso, ulendo uno popanda womuvuula. Kumbuyo kwake kunali nyumba imene sakanabwererako. Misozi inafika m'maso, koma anaibweza. Anakhazikika bwino pachikwama chija, n'kutambasula miyendo mpaka khomo lonse linatsekeka.

"Wamva zimene wanena mnzangayu," anauza Telala. "Muno simutuluka munthu, kaya makina, kaya ulusi. Dzutsa mutu, undiyang'ane, uyankhe."